Muyeso Umodzi pa Masamba a pa Intaneti

Munthu wogula ufa kapena shuga m'sitolo safunsa kuti sikelo ya m'sitolomo idapangidwa ndi kampani iti. Iye amangokhulupirira kuti kilogalamu ndi kilogalamu, kaya sikeloyo ndi yatsopano kaya ndi yakalekale, popeza onse opanga masikelo adamvana pa muyeso umodzi. Aliyense wa iwo atati aike kilogalamu yakeyake, malonda onse angasanduke mkangano, ndipo wolira kwambiri angakhale wogula uja amene alibe sikelo kunyumba kwake. Nkhani ya lero ikunena za muyeso wa mtundu wina, umene suoneka ndi maso, koma umagwira ntchito nthaŵi iriyonse pamene munthu atsegula tsamba la pa intaneti, kaya pa kompyuta kaya pa foni.

Poyamba nkofunika kumvetsa kuti tsamba lotere silifika kwa woŵerenga ngati chithunzi chomalizidwa kale. Chimene chimatumizidwa ndi malangizo okhaokha, onga pulani ya nyumba, ndipo pulogalamu yotchedwa browser ndiye mmisiri amene amaŵerenga pulaniyo ndi kumanga tsambalo pa galasi la makina. Chrome, Safari, Firefox, Edge ndi Opera, onseŵa ndi mabrowser. Malangizo aja amalembedwa m'zinenero zitatu. HTML imanena chimene chinthu chiri: uwu ndi mutu wa nkhani, iyi ndi ndime, ichi ndi chithunzi, apa mpolemba dzina. CSS imanena za maonekedwe: mtundu, kukula kwa zilembo, ndi malo amene chinthu chiyenera kukhala. JavaScript imanena zimene ziyenera kuchitika munthu akadina batani. Tsono amisiri asanu akapatsidwa pulani imodzi, koma aliyense n'kumamva mau a m'pulanimo mwa njira yake, padzatuluka nyumba zisanu zosiyana, ina yopanda khomo, ina ya denga lopendekeka. Miyeso imene ikunenedwa pano ndi mapangano olembedwa, ofotokoza tanthauzo la liu lirilonse la m'zinenero zitatuzi, kuti amisiri onse amange nyumba yofanana.

Masamba onseŵa pamodzi amatchedwa World Wide Web, kapena Web mwachidule, ndipo Web idabadwa chifukwa cha vuto lomweli la makina osamvana. Ku CERN, malo a kafukufuku wa sayansi amene ali pafupi ndi mzinda wa Geneva, kunkasonkhana akatswiri ochokera m'maiko ambiri, aliyense ndi kompyuta ya mtundu wake, kotero kuti zolemba za mmodzi sizinkatseguka pa makina a mnzake. M'mwezi wa Malichi 1989 Tim Berners-Lee, Mngelezi wogwira ntchito kumeneko, adalembera akuluakulu ake maganizo a njira yolumikizira zolembazo, ndipo pofika kumapeto kwa 1990 adali atalemba browser yoyamba. Browser imeneyo inkayenda pa kompyuta ya NeXT yokha, makina amene anthu oŵerengeka chabe adali nawo. Pa chifukwa ichi wophunzira wina, Nicola Pellow, adapatsidwa ntchito yolemba browser ina yosavuta, yoonetsa mau okhaokha, yoti iyende pa makina pafupifupi alionse. Kuchokera pa chiyambi penipeni cholinga chidali chakuti tsamba lisasankhe makina. Pa 30 Epulo 1993 CERN idalengeza kuti aliyense ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito luso limeneli popanda kulipira, ndipo mu Okutobala 1994 Berners-Lee adakhazikitsa bungwe la World Wide Web Consortium, kapena W3C, ku sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America, kuti likhale bwalo lokambirana miyeso.

Koma pamene pasonkhana anthu ambiri, amalonda sachedwa kufika. Mu Disembala 1994 kampani ya Netscape idatulutsa browser yake, Netscape Navigator, imene m'kanthaŵi kochepa idafala kuposa ina iriyonse. Mu Ogasiti 1995 kampani ya Microsoft nayo idatulutsa Internet Explorer, ndipo pambuyo pake idaiphatikiza ndi Windows, kotero kuti wogula kompyuta ankaipeza iri kale m'katimo. Akulu adati atambala aŵiri salira m'khola limodzi. HTML idali ndi khalidwe lina lofatsa: browser ikakumana ndi liu lachilendo, imangolilumpha osadandaula. Kufatsa kumeneku kudapatsa mpata kampani iriyonse kuti iziwonjeza mau akeake osapita nawo ku bwalo. Netscape idabweretsa liu lakuti blink, lochititsa zilembo kuphethira, pamene Microsoft idabweretsa lakuti marquee, loyendetsa mau kuchoka mbali ina ya galasi kunka mbali ina. Izi zidali zazing'ono. Mu 1995 Brendan Eich wa ku Netscape adalemba JavaScript, ndipo chaka chotsatira Microsoft idatulutsa chinenero chake, JScript, chofanana nayo koma osati ndendende. Pofika 1997, Netscape 4 ndi Internet Explorer 4 zidali ndi njira ziŵiri zosagwirizana konse zosunthira zinthu pa tsamba.

Njovu ziŵiri zikamamenyana umavutika ndi udzu. Wolemba masamba adayenera kugwira ntchito imodzi kaŵiri, mwina katatu, ndipo amene adalibe nthaŵi kapena ndalama ankangosankha browser imodzi n'kuika chidziŵitso pakhomo chakuti tsambali limaoneka bwino pa Netscape, kapena pa Internet Explorer. Wobwera ndi browser ina ankapeza mau ataunjikana pamwamba pa anzake, kapena batani losayankha. Chipsera cha masiku amenewo chikadalipo. Browser iriyonse ikamapempha tsamba imadzitchula dzina, ndipo olemba masamba adazoloŵera kufunsa dzinalo asadapereke kanthu. Akamva lakuti Mozilla, limene lidali dzina la m'nyumba la Netscape, ankapereka tsamba lathunthu; akamva lina ankapereka lopereŵera. Internet Explorer, posafuna kubwezedwa pakhomo, idayamba kudzitchula Mozilla nayonso. Mabrowser obwera pambuyo adachita chimodzimodzi, ndipo mpaka lero Chrome, Safari ndi Edge zimayamba kudzidziŵitsa ndi mau akuti Mozilla/5.0. Palibe wolimba mtima kuchotsa bodza limeneli, poopa kuti masamba ambiri angaleke kutseguka.

Chitsanzo chimodzi chingaonetse m'mene kusamvana pa kanthu kochepa kumaonongera ntchito yaikulu. Pa tsamba, chinthu chirichonse chimakhala m'bokosi losaoneka, lokhala ndi mpata wozungulira m'kati ndi mzere wa malire kunja kwake. Utali wake umayesedwa ndi timadontho ta pa galasi totchedwa pixel. Muyeso woyamba wa CSS, umene adalemba Håkon Wium Lie ndi Bert Bos, ndipo W3C idauvomereza mu Disembala 1996, udanena kuti wolemba akati bokosi likhale la timadontho 300 m'lifupi, ndiye kuti akunena za m'kati mokha. Mpata ndi malire nzowonjezera. Internet Explorer 5 ya pa Windows inkaŵerengera zonse pamodzi. Choncho bokosi la 300, lokhala ndi mpata wa 20 ndi malire a 5 mbali iriyonse, linkatenga malo a 350 pa browser yotsata muyeso, koma 300 pa Internet Explorer. Zidali ngati amisiri aŵiri oyesa chipinda, wina kuŵerengera ndi zipupa zomwe, wina ayi. Kusiyana kwa timadontho 50 kudali kokwanira kugwetsa ndime yonse pansi pa inzake. Chodabwitsa nchakuti olemba masamba ambiri adadzaona kuti njira ya Microsoft njosavuta, ndipo patapita zaka CSS idaloleza wolemba kusankha yekha njira imene akufuna kudzera m'liu lakuti box-sizing. Njirayo idalibe choipa; chimene chidaononga ndi kuitsata paokha anzawo akutsata ina.

Mu 1998 olemba masamba ena, motsogozedwa ndi George Olsen, Glenn Davis ndi Jeffrey Zeldman, adayambitsa gulu lotchedwa Web Standards Project. Pempho lawo kwa makampani lidali losavuta kumva: asiye kupikisana pa mau atsopano, ayambe atsata miyeso imene iwo eni adaivomereza kale ku bwalo la W3C. Komabe padali chovuta china. Masamba ochuluka zedi adali atamangidwa kale motsata zolakwa za mabrowser akale, kotero kuti kukonza browser kukadagwetsa masambawo tsiku limodzi. Njira imene idapezeka ndi yakuti browser iziyang'ana mzere woyamba wa tsamba, wotchedwa doctype. Mzerewo ukalembedwa bwino, browser imatsata muyeso. Ukasoŵa, imabwerera ku makhalidwe akale ndi zolakwa zake zomwe. Internet Explorer 5 ya pa Macintosh idachita zimenezi m'chaka cha 2000, ndipo mabrowser a lero akadachitabe.

Nkhondo ija idatha ndi wopambana mmodzi. Mu 1998 boma la America lidasumira Microsoft, ndipo nkhani yophatikiza browser ndi Windows idali pakati pa mlanduwo. M'chaka cha 2000 bwalo lidagamula kuti kampaniyo idaphwanya malamulo a mpikisano pa malonda, koma pamene mbali ziŵirizo zinkamvana mu 2001, Netscape idali itafooka kale. Internet Explorer 6 idatuluka mu Ogasiti 2001, ndipo m'zaka zotsatira anthu oposa 90 pa 100 alionse otsegula masamba ankagwiritsa ntchito Internet Explorer. Ambiri adayesa kuti vuto latha, popeza browser ikakhala imodzi palibenso yosiyana nayo. Koma wopanda mnzake wopikisana naye safulumira, ndipo padapita zaka 5 Internet Explorer 7 isadatuluke mu Okutobala 2006. M'zaka zimenezo maofesi ndi makampani adamanga ntchito zawo pa zolakwa za browser imodzi, n'kudzalephera kuisiya ngakhale itakalamba ndi kuyamba kuloŵetsa akuba. Mu 2011 Microsoft yomweyo idayamba kupempha anthu poyera kuti asiye Internet Explorer 6.

Dziko limene lidalaŵa kuŵaŵa kwa zimenezi koposa ndi South Korea. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 boma la America linkaletsa kutumiza kunja njira zamphamvu zobisira mauthenga, choncho South Korea idapanga njira yakeyake yotchedwa SEED. Kuti njirayi igwire ntchito, mabanki ndi masitolo adaiika m'timapulogalamu ta ActiveX, luso la Microsoft loyenda pa Internet Explorer. Malamulo a dzikolo, kuyambira ndi la 1999, adachititsa kuti ziphaso zapadera zodzitsimikizira pa intaneti zikhale zofunika pa ntchito za banki. Zotsatira zake, kwa zaka zoposa 10 munthu wa kompyuta ya Apple kapena wokonda browser ina ankavutika kutumiza ndalama kapena kugula katundu, m'dziko lodziŵika ndi intaneti yothamanga kwambiri. Mu 2014 Pulezidenti Park Geun-hye adadandaula poyera kuti anthu a ku China ofuna kugula zovala zimene adaziona m'seŵero la pa televizioni la ku Korea akulephera chifukwa cha ActiveX. Lamulo lopatsa ziphaso zija udindo wapadera lidasinthidwa mu 2020.

Chimene chidabwezeretsa ulemu wa miyeso ndi kubweranso kwa opikisana. Netscape isadafe, mu 1998, idaika poyera malangizo onse a m'kati mwa browser yake, ndipo m'menemo mudadzatuluka Firefox mu Novembala 2004. Apple idatulutsa Safari mu 2003, kampani ya Opera ya ku Norway idalimbikirabe, ndipo Google idabwera ndi Chrome mu Sepitembala 2008. Mu Epulo 2005 gulu la Web Standards Project lidatulutsa mayeso otchedwa Acid2: tsamba limodzi lopangidwa mochenjera, limene pa browser yotsata muyeso limaonetsa nkhope yomwetulira, koma pa yosatsata limaonetsa nkhope yophwanyika. Mayeso otere aliyense ankatha kuŵaona ndi maso ake, ndipo palibe kampani imene inkafuna manyazi. Safari idakhoza mu 2005, Opera mu 2006, Firefox mu 2008, ndipo Internet Explorer 8 mu 2009.

Nawo alembi a miyeso adaphunzirapo kanthu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 W3C inkalimbikitsa XHTML, chinenero chokhwima chimene malamulo ake amati tsamba likakhala ndi cholakwa ngakhale chimodzi lisaonetsedwe. Koma masamba ambiri a pa dziko lapansi ali ndi zolakwa, chifukwa olemba ake ndi anthu. Mu 2004 akatswiri a ku Apple, Mozilla ndi Opera adayambitsa gulu lawo, WHATWG, ndipo adachita chinthu chimene miyeso yakale idachinyalanyaza: adalemba mwatsatanetsatane zimene browser iyenera kuchita ikakumana ndi tsamba lolakwika, kuti ngakhale tsamba lopunduka lioneke chimodzimodzi kulikonse. Ntchito imeneyi ndiyo idabala HTML5, imene W3C idaivomereza mu Okutobala 2014, ndipo mu 2019 mabungwe aŵiriwo adagwirizana kuti pakhale buku limodzi lokha la HTML, losungidwa ndi WHATWG.

Kodi tsono nkhaniyi idatha? Maina a mabrowser ndi ambiri, koma chimene chimamanga tsamba ndi gawo la m'kati lotchedwa injini, ndipo mainjini akhala akuchepa. Opera idasiya injini yake mu 2013. Microsoft idasamutsira Edge pa maziko a Chrome mu Januwale 2020, ndipo pa 15 Juni 2022 idapumitsa Internet Explorer. Mainjini aakulu otsala ndi atatu: Blink wotsogozedwa ndi Google, WebKit wa Apple, ndi Gecko wa Mozilla, ndipo Blink ndiye ali ndi anthu ochuluka kuposa enawo. Madzi saiŵala khwaŵa. Mafoni a iPhone ndi a Android atafala, olemba masamba ambiri adayamba kugwiritsa ntchito mau a CSS omveka kwa WebKit yekha, mpaka mu 2016 Firefox idakakamizika kuphunzira ena mwa mau achilendowo kuti masamba asaiphwanyikire. W3C kaŵirikaŵiri imafuna kuti muyeso watsopano uyambe wagwira ntchito m'mainjini aŵiri osadalirana usadavomerezedwe, monga m'mene mlandu sugamulidwa pa mboni imodzi. Injini ikatsala imodzi, zolakwa zake ndizo zidzasanduke lamulo. Cholimbitsa mtima nchakuti kuyambira 2022 Apple, Google, Microsoft ndi Mozilla zimasankha pamodzi chaka ndi chaka mbali zimene mabrowser awo akusiyana, n'kumazikonza poyesedwa ndi mayeso amodzi, m'ntchito yotchedwa Interop.

Wina angati zonsezi nza akatswiri a ku maiko akutali. Koma amene amayamba kutsekeredwa kunja tsamba likamangidwa mosatsata muyeso ndi munthu wa foni yotsika mtengo. Anthu ambiri a mu Africa adayamba kuona intaneti kudzera pa Opera Mini, browser imene idafala kuyambira 2006. Iyo imatha kutengera tsamba ku makina a kampani yake, kulifinya kuti lichepe, kenaka n'kulitumiza ku foni, kotero kuti woŵerenga amalipira zochepa. Pa njira imeneyi JavaScript yambiri siyenda, ndipo tsamba limene silionetsa ngakhale liu limodzi popanda JavaScript limafika loyera ngati pepala losalembapo. Wofuna kuona zotsatira za mayeso, kapena kutumiza kalata yofunsira ntchito tsiku lotsekera, sangadziŵe kuti cholakwa chiri kwa wolemba tsamba. Amangoti foni yake njachabe.

Ngakhale chilembo cha ŵ chimadalira muyeso. Mndandanda wakale wa zilembo za ku Ulaya, umene masamba ambiri ankatsata poyamba, udalibe chilembo chimenechi. Chidapeza malo m'mndandanda wa Unicode, umene cholinga chake ndi kupatsa nambala chilembo chirichonse cha zinenero za anthu, ndipo njira yolembera manambalawo yotchedwa UTF-8, imene Ken Thompson ndi Rob Pike adaipanga mu 1992, ndiyo ikutsatidwa ndi masamba pafupifupi onse. Koma tsamba likapanda kunena kuti lidalembedwa mu UTF-8, browser ingathe kuŵerenga chilembo chimodzicho ngati zilembo ziŵiri, ndipo dzina lakuti Malaŵi limatuluka ngati MalaÅµi. Mzere umodzi wokha pamwamba pa tsamba ndiwo umapeŵetsa zimenezi. Muyeso udapatsanso Chicheŵa chizindikiro chake, ny, chouza makina chinenero cha tsambalo.

Palinso anthu osaona, amene amamva tsamba kudzera m'pulogalamu yoŵerenga mokweza. Pulogalamu yotere imadalira HTML yolembedwa moyenera kuti idziŵe pamene pali mutu wa nkhani, pamene pali batani, ndi chimene chiri pa chithunzi. M'chaka cha 2000 Bruce Maguire, bambo wosaona wa ku Australia, adapambana pa dandaulo lake lotsutsa okonza maseŵera a Olympics a ku Sydney, chifukwa tsamba lawo lidali ndi zithunzi zopanda mau ozifotokoza ndiponso zotsatira za maseŵera zimene iye sankatha kuziŵerenga. Adalamulidwa kumlipira madola 20,000 a ku Australia.

Mmisiri wabwino wa masamba amayamba ndi HTML yomveka, yoti nkhani iŵerengeke ngakhale zina zonse zitakanika. Maonekedwe ndi zokometsera zimadza pamwamba pake. Safunsa browser dzina lake, koma amaifunsa ngati ingathe kuchita chakuti, ndipo ikalephera amakhala atakonzeratu njira ina. Amayesa ntchito yake pa mainjini onse atatu, pa foni yakale, ndi pa malo amene intaneti imayenda mwaulesi. Nayenso wolemba mmisiri ntchito, kaya ndi sukulu, banki kapena ofesi ya boma, ali ndi funso limodzi loti afunse asadalipire: kodi tsambali layesedwa pa makina angati, ndipo ndani amene sangathe kulitsegula?

Mu 2013 CERN idabwezeretsa pa adiresi yake yakale, info.cern.ch, kope la 1992 la tsamba loyamba lija. Liribe chithunzi kapena chokometsera chirichonse, koma limatseguka pa Chrome, pa Safari, pa Firefox ndi pa foni ya m'thumba, makina amene olemba ake sadaŵaonepo pa nthaŵi imeneyo. Masamba ambiri odula amene adadza pambuyo pake, omangidwa pa ActiveX kapena pa Flash wa kampani ya Adobe, amene adalekedwa kumapeto kwa 2020, satsegukanso pa browser ya masiku ano. Tsamba loyamba lija lidalembedwa motsata pangano la onse, ndipo patapita zaka zoposa 30 likuŵerengekabe.